Nyanja ndi yathu, tiyeni tisuzumiremo

Ulendo wa kumudzi, kwa ife amene timakhala kuno ku London, si holide. Tonse timadziwa zimenezi, ngakhale kuntchito timalemba pa fomu kuti tikukapuma. Umasunga ndalama zaka ziwiri kapena zitatu, kugwira mashifiti a usiku ndi a Lamulungu, n'kugula matikiti odula a mwezi wa August chifukwa ndi pamene sukulu zimakhala zotseka. Ndege yolunjika ku Lilongwe kulibe, ndiye mumachezera m'mwamba, kukasinthira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Mukangotera pa Kamuzu International Airport mumapeza pulogalamu itakonzedwa kale ndi anthu ena: kukapepesa maliro onse amene anachitika inu muli kunja, kukaona chiliza, kukayendera nyumba imene mukumangitsa ija, kukaonekera kwa azakhali amene mukapanda kufika adzakudandaulani mpaka kalekale. Masabata atatu amasungunuka ngati mchere m'madzi.

Kwa ife akuluakulu zonsezi zili ndi tanthauzo, ndipo sindikunena kuti tizisiye ayi. Koma taganizirani mmene zimaonekera kwa mwana wobadwira kuno. Mwana wanga wachisamba, mnyamata wa zaka 13, atamva kuti matikiti agulidwa anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati angatsale kwa azakhali ake ku Luton. Anati ku Malawi ntchito yake imakhala imodzi basi: kukhala pa mpando m'nyumba za anthu, kupereka moni, kusekedwa akaphonya mawu, kenaka kudikira kuti akuluakulu amalize nkhani zimene iye sakuzimva. "Ndi dziko la inu ndi adadi," anatero m'Chingerezi. "Ine ndimangoperekeza." Ana atagona, bambo ake anati, "Mayi, mwanayu sananame." Tinagwirizana kuti pa masiku 21 aja, atatu akhale a ana, ndipo tisanalonjeze wachibale aliyense tsiku, tinayamba talemba masiku a kunyanja.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene madzi timawadziwira m'ndowa ndi pa mjigo. Nyanja ya Malawi ndinaiphunzira m'kalasi: kutalika kwake makilomita oposa 560, kuya kwake mamita pafupifupi 700 pamalo ozama kwambiri, madzi ake amatulukira mu Shire. Ndinaiona kamodzi ndili ku sekondale, paulendo wa sukulu wa ku Senga Bay, pamene atsikana tonse tinakwinya zitenje n'kuponda madzi olekeza m'akakolo, basi. Kupatula apo, nyanja kwa ine inali ndiwo: usipa, utaka, chambo cha pa Khirisimasi. Zoti munthu n'kuvala magalasi, kuluma kapaipi n'kumayandama chafufumimba akuonerera nsomba zimene sadya, tinkati ndi za azungu. Mawu akuti "za azungu" amenewa atilanda zinthu zambiri zathu zomwe.

Amayi anga ali ndi chifukwa chawo choopera madzi. Mlongo wawo anapita ndi mtsinje wa Linthipe dzinja lina iwo ali mtsikana, akuyesa kuwoloka madzi atasefukira. Tonse anatilera ndi lamulo limodzi: madzi si bwalo la masewera. Atamva za pulani yathu sanakalipe. Anangoti, "Ndipita nawo. Ndikaone ndi maso anga chimene mukufuna kuchita ndi adzukulu anga." Tinatenganso mwana wa achimwene anga, mnyamata wa zaka 12, msuweni wa ana angawa, amene nyanja anali asanaionepo chibadwire ngakhale kuchokera kwawo ndi ulendo wa maola ochepa chabe.

Mantha a madziwa ambiri a ife tinabwera nawo kuno. Ku England kusambira ndi phunziro la ku pulayimale: mwana amayenera kumaliza Year 6 akutha kusambira mamita 25. Anga anaphunzira motero, pa dziwe la khonsolo kwathu ku Croydon, ine ndili pa benchi nditafumbata matawulo. Koma bungwe la Black Swimming Association, limene linayamba mu 2020, linatchula ziwerengero za Sport England za nthawi imeneyo zosonyeza kuti pa akuluakulu akuda 100 alionse ku England, 95 sankasambira, ndipo pa ana akuda 100, 80 sankasambira. Mmodzi mwa amene anayambitsa bungweli ndi Alice Dearing, mkazi wakuda woyamba kusambirira Great Britain pa masewera a Olympics, ku Tokyo mu 2021. Ine ndinali m'gulu la 95 lija. Ndiye ulendowu sunali wa ana okha.

Tinanyamuka ku Dedza m'mamawa titavala majuzi, n'kutsika pa msewu wokhotakhota wa ku Golomoti. Pofika kunsi majuzi anali atavulidwa ndipo milambe inayamba kuoneka. Mukatsala pang'ono kufika ku Monkey Bay mumakhotera kumanzere, n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 pakati pa mapiri a miyala, anyani atakhala m'mbali mwa msewu ngati apolisi a pa rodibuloko. Kenaka nyanja imangotulukira. Mudziwo dzina lake ndi Chembe, koma pa mapu pamalembedwa Cape Maclear. David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859, ndiye anapereka dzina limeneli polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Mishoni ya Livingstonia inayambira pomwepa mu 1875 isanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atawasautsa, ndipo manda a amishoni oyambawo alipobe. Chimene chinagwira mtima mnyamata wanga ndi china: mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zochokera ku Southampton kupita ku South Africa, zinkatera pamalo omwewa. "Ndiye kuti kale kunali ya dairekiti?" anafunsa. Bambo ake anamuuza kuti inkatenga masiku angapo, kugona m'njira, koma iye anaumirira kuti bola imeneyo kusiyana ndi kudikira pa eyapoti ya Addis.

Musayembekezere gombe lopanda anthu ngati la pa zithunzi zotsatsa malonda. Chembe ndi mudzi wa asodzi, waukulu ndithu. M'mawa amayi amatsuka mapoto m'mphepete mwa madzi, ana amasambira, amuna amasoka maukonde, usipa uli mbwee padzuwa. Usiku nyali za asodzi zimayaka patali pamadzi mpaka osadziwa pamene nyanja yathera ndi pamene nyenyezi zayambira. Mudziwu wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene boma linakhazikitsa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Pakiyi imateteza mapiri ndi zilumba za m'derali, kuphatikizapo madzi ofika mamita 100 kuchokera pagombe la malo otetezedwawo. M'madzi amenewo kuwedza n'koletsedwa, ndipo n'chifukwa chake nsomba zake sizithawa munthu.

Za boti tinakambirana madzulo a tsiku lofika. Safunsa anadya phula, ndiye bambo a anawa anafunsa zonse: majekete oyandamitsa alipo angati, alipo a saizi ya ana, boti lili ndi denga la mthunzi, magalasi ndi timapaipi topumira tikwanira anthu angati, ndalama yolowera m'paki ili momwemo kapena tikalipira patokha, chakudya chamasana akonza ndani. Mwini boti, bambo wa kumudzi komweko wa msinkhu wa achimwene anga, sanakhumudwe nawo mafunsowo. Anatiuza chinthu chimene aliyense wopita mu August ayenera kudziwa: ino ndi nyengo ya mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imene imawomba miyezi yozizira. Nthawi zambiri m'mawa nyanja imakhala itagona, koma dzuwa likapendeka imadzuka. "Tinyamuke 8 koloko, pobwerera tisachedwe," anatero.

M'mawa mwake amayi anga sanakwere mpaka atagwira jekete iliyonse, kukoka zingwe zake ndi kuona ngati zomangira zikugwira. Imodzi anaikana, ndipo mwini boti anatuma mnyamata wake kukatenga ina osanyinyirika. "Agogo, mwachita bwino," anatero. "Ife tinabadwira pano koma nyanja sitiizolowera." Mawu amenewo ndi amene anawakweza m'boti. Anakhala pakati penipeni, jekete pamwamba pa chitenje, dzanja limodzi litagwira thabwa, lina litagwira mdzukulu wawo wamkazi, mtsikana wanga wa zaka 9. Chilumba cha Thumbi chili pafupi, moyang'anana ndi mudzi, ndipo kudzanja lamanja mumaona Domwe, chachikulu chokhala ngati phiri lomira. Injini itazimitsidwa pafupi ndi miyala ikuluikulu ya pa Thumbi, tonse tinangoti zii. Madzi anali oyera moti mthunzi wa boti unkaoneka pansi.

Kwa amene simunayesepo, zida zake ndi ziwiri zokha. Pali magalasi ophimba maso ndi mphuno, amene ayenera kugwira nkhope bwinobwino, tsitsi lisalowe m'mphepete. Pali kapaipi kopindika, a Chingerezi amati snorkel, kamene mumaluma kumapeto kwake n'kumapumira m'kamwa, kumtunda kwake kuli kunja kwa madzi. Madzi akalowamo mumangouzira mwamphamvu, amatuluka. Kuti galasi lisachite nkhungu mumalavuliramo malovu pang'ono, kupaka ndi chala n'kutsukuluza. Amayi ataona adzukulu awo akuchita zimenezi anagwira pakamwa: "Ndiye sukulu ya ku England imeneyi?" Ubwino wa nyanja yathu ndi woti madzi ake alibe mchere, sawawa m'maso kapena kukhosi, ndipo ndi ofunda kusiyana ndi a ku Brighton ngakhale mu August. Koma madzi opanda mchere sanyamula thupi ngati a nyanja yamchere, choncho jekete ndi yofunika ngakhale kwa mwana amene ali ndi satifiketi ya mamita 25.

Msuweni uja anaima pa mwala madzi akumulekeza m'chiuno, akunjenjemera. Apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo pa maulendo athu onse a kumudzi: mwana wanga ali ndi choti apereke. Anaima pafupi naye n'kuyamba kumuphunzitsa, ndipo poti mnzakeyo Chingerezi chothamanga cha ku Croydon sankachimva, anakakamizika kufufuza Chichewa. "Puma... pakamwa. Osati mphuno. Pang'ono pang'ono." Winayo anaseka katchulidwe kake, monga amachitira asuweni, koma anamvera. Anaviika nkhope, anadzuka akutsokomola, anaviikanso. Kachitatu sanadzuke msanga. Atadzuka analavula kapaipi n'kukuwa, "Anti! Anti! Muli nsomba za buluu!"

Ine ndinalowa pomaliza. Ndinatsika pa makwerero a boti mtima ukugunda m'makutu, jekete itandikwera mpaka m'chibwano, dzanja limodzi pa chingwe chimene mwini boti anandiponyera. Mtsikana wanga anabwera n'kundigwira dzanja linalo. Mwana amene ndimamuwolotsa msewu ku Thornton Heath tsiku lililonse ndiye amene anandiuza kuti, "Mami, gonani basi, madzi akunyamulani." Mpweya woyamba kudzera m'kapaipi umavuta chifukwa thupi lonse limakana kuti munthu angapume nkhope ili m'madzi. Wachiwiri umabwera. Pofika wachisanu phokoso lonse la kunja linazimiririka, n'kutsala kupuma kwanga kokha, ndipo ndinatsegula maso bwinobwino.

Anzanga, pansi paja pali mudzi. Miyala imene kunja imaoneka yotuwa, m'madzi yakutidwa ndi ndere, ndipo pa ndere imeneyo pali tinsomba mazanamazana, totalika ngati chala kapena chikhatho. Tina ta buluu wowala ngati talowetsedwa magetsi, tina tachikasu, tina tamizeremizere ngati mbidzi, tina tamathothomathotho. Zimenezi ndi mbuna, dzina lochokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo ndi nsomba za m'miyala. Zimadya ndere, zikumapala mwala ndi timano tawo, mutu pansi mchira m'mwamba. Yamphongo iliyonse ili ndi kamalo kake kamene imalondera, ina ikayandikira imaithamangitsa ngati nkhani ya malire a munda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'madzi ndi momwemo: ukamathamangathamanga umangoona mitundu ikudutsa, koma ukangoyandama phee umayamba kuona yemwe ndi mwini mwala, yemwe ndi wakuba, yemwe akufunsira. Zina zinabwera kudzandijompha zala.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Za banja limodzi ndi mbuna ndi chambo, zimene asayansi amazitcha cichlid, zilipo mitundu mazana ambiri, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya opanda miyala, ndiye gulu likakhala pa chilumba chake limakhala pomwepo mibadwomibadwo mpaka kusiyana mtundu ndi anansi ake. Pali mitundu ina imene dziko lake lonse ndi chilumba chimodzi. Mtsikana wanga anapitapo ndi sukulu ku Down House, nyumba ya Charles Darwin imene ili ku Bromley, pafupi ndi kwathu, n'kuphunzira za mbalame za ku zilumba za Galapagos. UNESCO imati nsomba za m'nyanja yathuyi n'zofunika pa maphunziro amenewo mofanana ndi mbalame zija. Ndipo mukalowa m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta kuno ku London mudzapeza matanki olembedwa dzina la dziko lathu. Alipo Angerezi amene sanapondepo ku Africa koma amadziwa mayina a Thumbi, Chizumulu ndi Likoma chifukwa cha nsomba zimene zili pa balaza pawo. Ine, mwana wa ku Malawi, ndinafika zaka 44 ndisanazionepo.

Amayi m'madzi sanalowe, ndipo palibe anawakakamiza. Anatsika n'kukhala pa mwala wafulati m'mphepete, mapazi okha ali m'madzi, maso ali pa ana. Kenaka mtsikana wanga anatulukira akukuwa kuti nsomba ina ikudya ana ake. Mwini boti anaseka n'kufotokoza kuti sikudya kumeneko. Nsomba zambiri za m'nyanjayi, chambo chomwe, yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya kanthu, mpaka ataswa. Mitundu ina, ana akayamba kusambira, mayi amakhala pafupi, ndipo pakabwera choopsa amatsegula pakamwa tiana tonse n'kuthawiramo. Amayi anati akufuna aone. Mwini boti anatenga magalasi n'kuwasonyeza kuti angowagoneka pamwamba pa madzi ngati zenera, osavala. Anawerama. Nsomba ija inali pomwepo, yokulirapo kuposa mbuna, kamtambo ka tiana kali mozungulira mutu wake. Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenaka anati, "Mayi ndi mayi basi." Patapita kanthawi anafunsanso, "Nanga za buluuzi zimadyedwa?"

Tisanadye, mwini boti anatizungulitsa mbali ina ya chilumba kumene kuli mitengo italiitali. Anatenga kansomba, anakalowetsa kabango kuti kayandame, anaimba likhweru n'kukaponya. Nkhwazi inachoka pa nthambi, mutu ndi chifuwa zoyera, mapiko atatambasuka, inatsika n'kutola kansombako ndi zikhadabo osanyowetsa nthenga. Bambo a anawa anakumbutsa ana kuti mbalame imeneyi ndi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko la Malawi, chija chili pa chikuto cha pasipoti yawo. Chakudya chinali kampango wowotcha, mpunga ndi tomato, tinadyera pa mwala ndi manja. Anyamata awiri aja anakhala patali pang'ono, akuwerengetsana mitundu imene aona, wina m'Chichewa wina m'Chingerezi, akutsutsana ngati anakulira nyumba imodzi.

Pobwerera mwera unali utadzuka. Sunali waukali, koma kwa munthu wa ku Dedza unakwana. Boti linkakwera n'kugwa, madzi akutiwaza kumaso, ana anasiya kuseka. Amayi anatseka maso n'kumang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Mwini boti anachepetsa liwiro n'kumadula mafunde chopingasa, maso ake ali pamadzi, osayankhula ndi munthu. Mphindi zimenezo zinandikumbutsa kuti mantha a amayi anga si umbuli. Nyanjayi imatenga anthu, asodzi odziwa kusambira omwe. Titafika pagombe amayi anatsika, anagwira dzanja la mwini boti ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwatisunga, bambo." Kwa ine anangoti, "Jekete zija ndinachita bwino kuziona."

Pali nkhani ina imene sindingaibise, ndipo ndi likodzo. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi opanda mchere, timatuluka n'kulowa pakhungu la munthu amene ali m'madzimo. Dera la Cape Maclear limadziwika ndi matendawa, ndipo malangizo a zaumoyo a kuno ku UK kwa apaulendo ndi oti asasambe m'madzi otere n'komwe. Chiopsezo chimakula m'madzi osaya a pafupi ndi midzi ndi m'mabango, koma palibe angakulonjezeni kuti malo akutiakuti mulibiretu. Ife tinakambirana ndi namwino wa za maulendo tisananyamuke, tinayeza mbali zonse, n'kusankha kulowa koma kudzayezetsa pobwera. Kuyezetsa kumafuna kudikira masabata 12 kuchokera tsiku lomaliza kukhudza madziwo, ndipo mutha kuyambira kwa GP wanu kapena ku Hospital for Tropical Diseases mkati mwa London. Musakhulupirire zongomwa mapiritsi tsiku lochoka kunyanja, chifukwa mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zikakula, osati zikangolowa kumene. Musadikirenso zizindikiro, poti ambiri samva kalikonse kwa nthawi yaitali. Kwathu tonse tinayezetsa mu November. Ana ndi ine tinalibe. Bambo awo, amene madzulo aliwonse ankasambira pagombe la kumudzi, anapezeka nalo, anamwa mankhwala tsiku limodzi, nkhani inatha. Tinaimbanso foni ku Dedza kuti msuweni uja ndi agogo ake apite kuchipatala. Banja lililonse lisankhe lokha pa nkhani imeneyi, koma lisankhe likudziwa. Ndipo tikumbukire kuti chimene kwa ife ndi chiopsezo cha masiku atatu, kwa ana a ku Chembe ndi madzi osamba ndi ochapira a tsiku ndi tsiku.

Zina ndi zodziwika koma timaziiwala chifukwa timati tikupita kwathu. Kunyanja kuli malungo, ndipo ana obadwira kuno alibe chitetezo chilichonse m'thupi, ifenso chathu chinatha kalekale, ndiye mankhwala oteteza ndi neti si zokambirana. Dzuwa limawotcha msana wa munthu woyandama chafufumimba, khungu lakuda lomwe, choncho ana asambire atavala malaya. Wamkulu mmodzi akhale kunja kwa madzi, ntchito yake kuwerenga mitu basi. Ndipo pa nkhani ya mtengo, tiyeni tichite manyazi pang'ono. Timafika ndi mapaundi m'thumba n'kuyamba Chichewa chakuya kuti atichotsere mpaka mafuta a injini osakwana. Munthu amene wanyamula ana anu pamadzi n'kuwabweza amoyo mulipireni bwino. Ndalama imeneyo ndi imene imapangitsa kuti anthu a m'mudzimo aone phindu la nsomba imene ili yamoyo pa mwala.

Sindinganame kuti masiku atatu anasintha zonse. Titachoka kunyanja tinapitabe kumaliro, kuchiliza ndi kwa azakhali, ndipo mnyamata wanga anakhalabe pa mipando ya anthu. Kusiyana kwake n'koti tsopano anali ndi nkhani yake. Akafunsidwa kuti Malawi wamuona bwanji, ankatulutsa foni n'kuyamba kufotokoza za mbuna m'Chichewa chake chothyokathyoka, ndipo akuluakulu amene ankamuseka aja ankamvetsera, chifukwa zimene ankanenazo iwo sankazidziwa. Mpaka lero iye ndi msuweni wake amatumizirana mawu pa WhatsApp, ndipo akupangana zodzafika ku Domwe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ana athuwa akukulira maiwe awiri. Koma dziwe limene mwana amangoperekezako anthu sangalitche lake. Ayenera kukhala ndi kanthu kumeneko kamene anakaona ndi maso ake, osati kongomva kwa ife.

Ine ndinalembetsa maphunziro a kusambira a akuluakulu pa dziwe lomwe lija la khonsolo, Lachiwiri madzulo ndikakhala kuti sindili pa shifiti. M'kalasi mwathu tilimo amayi a ku Ghana, a ku Jamaica, a ku Somalia ndi ine, tonse ogwira khoma ngati likuthawa. Mwezi watha ndinafika tsidya lina osaima.

Tsiku lochoka ku Dedza amayi anapempha kuti tiwasiyire magalasi amodzi mwa amene tinagulira ana. Ali m'kabati ya pa balaza, pakati pa makapu a alendo. Sabata yatha pa foni anandiuza kuti amayi anzawo a kutchalitchi akusonkha ndalama za minibasi yopita kunyanja mvula ikatha, ndipo iwo ndi amene asankhidwa kukambirana ndi a boti. Anandifunsa kuti ndiwakumbutse mafunso onse aja, kuyambira la majekete, kuti awalembe.